Mwano wa a Kalachi Unadzaza Bwalo

Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi a Kalachi anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mwa onse amene anadutsa m'manja mwawo, amene iwo ankawayesa madalaivala sankakwana zala za dzanja limodzi. Ena onsewo ankangowatchula kuti onyamula layisensi. Dzina loti Kalachi linachokera kusukulu yoyendetsa galimoto komweko. Wophunzira akaiwala kuponda kalachi posintha giya, galimoto n'kulira ngati chigayo chameza mwala, iwo ankakuwa liwu limodzi lokhalo, "Kalachi! Kalachi!" mpaka ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu anayamba kumawathandiza kukuwako. Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Kalachi, tamverani kuno."

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wokonda malaya oyera a manja aafupi, cholembera chili m'thumba. Bambo awo ankayendetsa lole yonyamula matabwa, ndipo ndi amene anawaphunzitsa kuti injini umaimva ndi msana, makutu amangochitira umboni. Kuseka sankaseka kawirikawiri. Chimene ankadziwa ndi kutsonya. Akaima pamphambano n'kuona munthu akukhota osayatsa indiketa, ankatsonya mokweza moti mwini galimotoyo ankacheuka ngakhale magalasi ali otseka.

Ntchito yakusukulu anaisiya chaka chimene mwini sukuluyo anamwalira, mwana wake n'kugula magalimoto atatu osintha okha magiya. A Kalachi analowa mu imodzi, anayang'ana kumapazi, anapeza zopondera ziwiri zokha. Anatuluka n'kubweza makiyi.

"Uwu ndi mpando wapabalaza woikidwa matayala," anatero. "Aphunzitseni nokha anthu kukhala pampando."

Anakhala pakhomo miyezi isanu akudzudzula mmene akazi awo amakankhira wilibala, mpaka mayiwo anakadandaula kwa mchimwene wawo. Mlamu wa a Kalachi ameneyu anali mlembi wa kalabu ya mpikisano wa magalimoto, ndipo anawapezera ntchito kubwalo la kalabuyo: kusamala bwalo mkati mwa sabata, ndi kukupiza mbendera tsiku la mpikisano.

Bwalolo linali kunja kwa tauni, kuseri kwa fakitale youmba njerwa za simenti. Unali msewu wozungulira wa makona asanu ndi awiri, theka phula losweka, theka dothi, m'mbali mwake ataunjikamo matayala akale opaka laimu. Panali mabenchi a matabwa pansi pa denga la malata, okwana anthu mazana anayi, ndi kontena imene ankaitcha ofesi. Mamembala a kalabu analipo khumi ndi mmodzi. Onse anali anthu a mimba zawo, eni mashopu ndi magalaja, ndipo magalimoto awo ampikisano sankabwera okha kubwalo, ankachita kuwabereka pangolo ngati odwala. Loweruka lomaliza la mwezi abambowo ankavala maovolosi a mitundumitundu, zisoti zonyezimira ndi magolovesi, n'kumathamangitsana okhaokha. Oonerera anali akazi awo, amene ankakhala m'magalimoto maso ali pafoni, ndi mlonda wakufakitale amene ankasuzumira pampanda.

A Kalachi ataima pakona yachitatu, mbendera ili m'manja, anaona zonse mwezi woyamba womwewo. Wapampando, mwini shopu ya zitsulo, ankakumbukira buleki ali kale pakati pa kona. Msungichuma ankatsinzina mnzake akamamupitirira. Koma amene ankawanyansa koposa anali mwana wa Wapampando, amene anadzipatsa yekha dzina loti Mphenzi n'kulilemba pachitseko cha galimoto ndi zilembo zagolide. Ameneyu a Kalachi ankamudziwa bwino. Anamuphunzitsa okha, ndipo analephera mayeso katatu chifukwa chobwerera chammbuyo pachitunda. Tsopano ankapambana mwezi uliwonse, pakuti galimoto yake inali yamphamvu kuposa onse, komanso panalibe membala wofuna kudana ndi bambo ake.

"Mwationa bwanji lero, madala?" Mphenzi ankafunsa akuvula chisoti, tsitsi akulikonza ndi zala.

"Galimotoyo ikuidziwa njira," ankayankha a Kalachi, n'kupinda mbendera.

Chaka chachitatu ali pabwalopo kunabwera kalata yochokera kwa eni malo. Kalatayo inati malowo anabwerekedwa kuti anthu a m'tauni azichitirapo masewera, koma popeza anthuwo saoneka, apatsidwa kwa omanga nyumba zosungiramo katundu, pokhapokha ngati pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi kalabu itaonetsa kuti bwalolo lili ndi anthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komiti inakumana mu kontena Lachitatu masana, thukuta lili kamukamu. A Kalachi anawaitana kuti akonze mipando, ndipo atatha anangoima pakhomo. Wapampando anabwera ndi munthu wina wa suti yothina ndi kompyuta yam'manja, amene anati ndi katswiri wokopa anthu.

"Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa," anatero Wapampando akusisita mimba.

A Kalachi anali ataona kale kalumoko kakutsika mu takisi, kumpando wakumbuyo. Katswiriyo analibe ndi layisensi yomwe. Anaonetsa pakhoma la kontena zithunzi za mabwalo a kumayiko akutali, anthu ali thithithi, n'kufotokoza kuti chimene chikusowa pano ndi chikoka. Pafunika oimba, ovina, zimkuzamawu, tenti ya anthu ofunika, ndi nsalu zikuluzikulu zolembedwa m'misewu yonse. Mamembala ankangogwedeza mitu ngati abuluzi.

A Kalachi anatsokomola.

"Pepani mabwana, ndilankhuleko. Munthu amapita kukaonera mpira chifukwa nayenso anaumenyapo, kapena mwana wake ali m'bwalomo. Nanga kuno abwere kudzaona chiyani? Anthu khumi ndi mmodzi akuwotcha petulo? Tsekulani geti, aliyense wa layisensi alowe ndi galimoto yake, ayese."

Mu kontena munabuka chikhakhali.

"Mukufuna tidzaze bwalo ndi maminibasi?" anafunsa Msungichuma akupukuta misozi.

"Tsabola wakale sawawa, adadi," anatero Mphenzi. "Asiyeni akapake laimu."

Mlembi uja, mlamu wa a Kalachi, anaweramira pamapepala ake, ndipo mawu awo sanalowe m'buku la msonkhano.

Tsiku la katswiri linafika patatha miyezi itatu. Nkhope ya Mphenzi inali italendewera pamphambano iliyonse. Anthu anabweradi, mwina mazana awiri, ambiri otsatira oimba. Koma nsanja ya oimbayo katswiri anaimanga kumbuyo kwa mabenchi, ndiye khamu lonse linafulatira bwalo. Magalimoto ankazungulira, a Kalachi akukupiza mbendera, kutsogolo kwawo kuli misana yokhayokha ikugwedezeka. Fumbi la pakona yachisanu linakathera mu tenti ya anthu ofunika, m'mbale ndi m'matambula momwe. Cha m'ma fili koloko jenereta inazima, nyimbo zinati zii, ndipo anthu anayamba ulendo wakwawo. Njira yachidule yopita kumsewu inali yodutsa pakati pa bwalo, ndiye anadutsa pomwepo, amayi ndi ana kumsana, mpikisano womaliza uli mkati. A Kalachi anathamanga ndi mbendera yofiira n'kuimitsa magalimoto onse. Katswiri anauza komiti kuti ichi ndi chiyambi chabwino kwambiri. Za jenereta Wapampando anakankhira mlembi, n'kumukalipira pamaso pa akazi a mamembala.

Lachiwiri lotsatira a Kalachi akutola mabotolo pansi pa mabenchi, pageti panaima vani yoyera. Munatuluka mayi wina wojintcha, wovala epuloni ndi nsapato zamphira. Anali mayi wa buledi, amene ankapikula buledi kubekale n'kumagawa m'mashopu ndi kukantini yakufakitale pa vani yakeyake. Naye anaphunzira kwa a Kalachi, ndipo anali mmodzi wa aja osakwana zala za dzanja limodzi, ngakhale iwo anali asanamuuzepo.

"Aphunzitsi, ndiye mwafika potola mabotolo?"

"Ndafika. Iwe ukadali kunyamula buledi?"

"Ndikadali. Koma zaka khumi ndi chimodzi ndikudutsa pampanda apa, mtima umangoti tsiku lina, tsiku lina. Tandilolani ndizungulireko kamodzi."

"Muno ndi mwa mabwana."

"Mabwanawo ali kuti?"

A Kalachi anayang'ana bwalo lopanda munthu, n'kutsonya. Anazungulira vaniyo akugogoda matayala, analowa n'kuponda buleki, anamuuza atsitse makireti onse. Kenaka anakatenga chisoti mu kontena, ndi wotchi yoyezera nthawi. Ulendo woyamba mayiyo anayenda mophunzira njira. Wachiwiri anayamba kulankhula nayo vani. Wachitatu a Kalachi anaiwala kuti ali ndi botolo m'dzanja lina. Mayiyo ankaponda buleki msewu ukadali wowongoka, n'kulowa pakona vani itakhazikika, potuluka ikukoka ngati yamva fungo la kwawo. Ataima, a Kalachi anayang'ana wotchi kawiri. Vani ya buledi inatsala masekondi asanu ndi imodzi okha kuti ifanane ndi galimoto yampikisano ya Msungichuma.

"Bwanji, aphunzitsi?"

"Kona yachisanu walowa ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni. Kweza makireti ako, buledi angaume."

Lamulungu mlamu wawo atabwera kudzacheza, a Kalachi anamuonetsa kapepala kamene analembapo nthawiyo. Mlamuyo, amene mtima unali ukadali kuwawa ndi nkhani ya jenereta, anakapinda n'kukaika m'thumba. Pamsonkhano wotsatira anaibweretsa nkhaniyo ngati maganizo ake, n'kuitcha tsiku la alendo. Kunali kutatsala miyezi iwiri, ndipo katswiri analibenso zithunzi zina zoonetsa.

"Chabwino, abwere," anatero Wapampando. "Adzaone kusiyana kwa kuyendetsa ndi kukankha. Pomaliza mwana wanga adzawaonetsa mmene zimakhalira."

Katswiri anati akonza nsalu zina zolembedwa. A Kalachi anati asavutike, kuitana anthu aitana okha.

Anayambira kudepoti ya maminibasi. Kumeneko kunali dalaivala wina wotchuka ndi liwiro, dzina lake Ndege, ndipo anamupeza atagona pampando wakutsogolo, miyendo ili pawindo.

"Iwe ndiye Ndege? Ndinakuona dzulo pamphambano ya kuchipatala. Amene anakupatsa layisensi akapepese kwa amayi ako."

Ndege anatsitsa miyendo pang'onopang'ono. Makondakitala anasiya kuitanira anthu.

"Madala, moyo wakukwanani?"

"Pamsewu aliyense ndi dolo, pakuti palibe wotchi. Kubwalo kuseri kwa fakitale kuli wotchi, Loweruka lomaliza la mwezi uno geti lili lotsekula. Koma iwe usabwere, ungadzachite manyazi. Kuli mayi wogulitsa buledi amene angakusiye ukufunafuna giya."

Depoti yonse inamva, ndipo a Kalachi anachoka osacheuka, kumbuyo kukumveka phokoso ngati njuchi zaponyedwa mwala. Mawa lake anali pamalo oimika matakisi, kumene anauza madalaivala kuti ntchito imene amaidziwa ndi kuliza hutala. Anapita m'magalaja n'kuuza amakaniko kuti amakonza zinthu zimene sangathe kuziyendetsa. Anafika kwa oyendetsa maambulansi, kwa onyamula mchenga, ngakhale kukampani yonyamula maliro. Anayenda masiku asanu ndi anayi, ndipo kawiri konse anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, anthu atawagwira kale kolala.

"Tsiku lina adzakubweretsani muno atakunyamulani," anatero akazi awo akusoka batani la malaya. "Kodi simungaitane anthu mwaulemu ngati anzanu?"

"Mayi, dalaivala ukamuitana mwaulemu amati ndatanganidwa. Ukamuuza kuti satha, amasiya ndi maliro omwe."

Loweruka lija a Kalachi anafika mmamawa n'kupeza mzere wa magalimoto utayambira pageti mpaka kufakitale. Analipo makumi asanu ndi atatu: maminibasi, matakisi, mapikiapu, timagalimoto ta aphunzitsi ndi anamwino. Ndipo panalibe amene anabwera yekha. Aliyense anali ndi mkazi, alamu, ana, anzake akuntchito, oti adzachitire umboni kuti mdala wamwano uja wanama. Pofika teni koloko mabenchi anali atadzaza, ena atakwera pamwamba pa maminibasi. Oimba panalibe, tenti panalibe. Mamembala a kalabu anaunjikana pamthunzi wa kontena ndi maovolosi awo, akuyang'ana khamulo ngati anthu amene alendo awalowera kuchipinda.

A Kalachi anayamba ndi kuyendera galimoto iliyonse, ndipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri anazibweza. Ina matayala anali osalala ngati dazi, ina buleki inkagwira ukaipopa katatu, ina chitseko chinali chomanga ndi waya. Dalaivala wina anangomununkhiza mkamwa n'kumulozera kumabenchi. Obwezedwawo sanapite kwawo. Anakhala kutsogolo n'kumawatukwana a Kalachi tsiku lonse, zimene iwo anaziona kuti n'zothandiza, pakuti bwalo linkamveka lamoyo.

Malamulo anali achidule. Galimoto imodzi pa nthawi, dalaivala yekha, lamba womanga, chisoti kumutu. Pamsewu anaikapo zigubu zachikasu zodzaza mchenga zoti azizizemba, ndipo aliyense ankayenera kuima pakachitunda ka pakona yachinayi n'kunyamukanso osabwerera. Chigubu chilichonse chogundidwa chinkawonjezera masekondi asanu. Mlamu wawo ankalemba nthawi pabolodi ndi choko.

Ndege ananyamuka ngati wamva kuti kutsogolo kuli anthu oyembekezera minibasi. Kondakitala wake anakwera pampanda akumenya malata n'kumakuwa. Liwiro linalipo ndithu, koma anagunda zigubu zisanu, chimodzi n'kuchikoka pansi pa minibasi mpaka pomalizira. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anayenda pang'onopang'ono moti anthu anayamba kumuwombera m'manja mwa kayendedwe ka ukwati, koma sanagunde kanthu, ndipo akazi ake analumpha mpanda kukamukumbatira. Namwino wina galimoto inamuzimira pachitunda, bwalo lonse n'kumamulangiza nthawi imodzi. Mayi wa buledi atamaliza, dzina lake linakwera pamwamba pa bolodi, ndipo amayi onse pamabenchi anaimirira, ena akuvina ndi maambulera.

Womaliza anali bambo wina wamtali, wofatsa, wa tayi yakuda, woyendetsa galimoto ya maliro. Abwana ake anamubwereka galimoto yakale yakampani, makatani akadali m'mawindo. Itafika poyambira bwalo linati zii, ndipo abambo ena anavula zipewa mwachizolowezi. A Kalachi anatsitsa mbendera. Galimotoyo sinalire matayala, sinautse fumbi lambiri, ndipo anthu ankaona ngati ikuyenda pang'ono. A Kalachi okha ndi amene anaona kuti munthuyo sakutaya kanthu. Pakati pa zigubu inkadutsa ngati madzi mumfuleni, pachitunda inaima n'kunyamuka ngati pansi m'posalala. Mlamu wawo atalemba nthawi, anthu anayang'ana bolodi kukamwa kuli yasa. Anaposa mayi wa buledi ndi sekondi imodzi yosakwana.

"Munaphunzira kuti zimenezi, achimwene?" anamufunsa Ndege, mkwiyo utasanduka chidwi.

"Ukanyamula maliro suyenera kugwedeza bokosi," anayankha bamboyo akukonza tayi. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukhota osagwedeza kanthu. Liwiroli ndangowonjezera lero."

Kenaka bamboyo anatembenukira kwa a Kalachi, kudikira mawu awo.

"Dzanja lanu lamanzere limachedwa," anatero iwo. "Koma ndaonapo oipa kuposa inu."

Tsopano khamu linayamba kuitana munthu amene nkhope yake inalendewera m'misewu. "Mphenzi! Mphenzi!" Mphenzi anali atayang'ana bolodi nthawi yaitali, n'kuyang'ananso kachitunda ka pakona yachinayi. Anapita pagalimoto yake, anatsekula boneti, n'kulowetsamo mutu. Anatumiza mawu kuti injini yatentha. Galimotoyo inali isanalizidwe chifikire. Anthu anakuwa, maminibasi analiza mahutala, koma mutu wa Mphenzi sunatuluke mu boneti mpaka bwalo linatha anthu. Bambo ake anapereka kwa woyendetsa maliro chikho chakale cha kalabu, chimene dzina la munthu wina anachita kulipala ndi mpeni mmawa womwewo.

Sabata yotsatira nyuzipepala inatulutsa chithunzi. Panali Wapampando, katswiri ndi Mphenzi atanyamula chisoti, kumbuyo kwawo mabenchi odzaza. Cha kumapeto kwa chithunzicho kunkaoneka chigongono cha munthu wa malaya oyera. Katswiri analemba lipoti la masamba makumi atatu lofotokoza mmene njira yake yofikira anthu wamba inagwirira ntchito, ndipo eni malo ataliwerenga anabweza kalata yawo. A Kalachi komiti inawathokoza ndi kajekete kachikasu konyezimira, kamene iwo anakaona kuti n'kabwino popukutira mabenchi.

Tsiku la alendo linakhala la mwezi ndi mwezi, pakuti komiti sikanathanso kulithetsa. Chimene inatha ndi kumanga chingwe pakati pa mabenchi, mbali ina mamembala, mbali ina alendo, ndi kuika loko pachimbudzi. Chingwecho a Kalachi anachidula n'kumangira matayala a pakona yachiwiri, ponena kuti chitetezo ndiye chofunika. Loko anati kiyi wake watayika, n'kumuthyola. Anayambitsanso kalasi ya Loweruka mmawa ya anthu amene ali ndi layisensi koma amaopa bwalo, ndipo ankawatukwana mofanana, wa pikiapu ndi wa galimoto yodula.

Chaka chisanathe alendo aja anayamba kulembetsa umembala, ndipo pachisankho anali ambiri kuposa eni kalabu. Wapampando anagwa. Mamembala anayi akale anachoka, Mphenzi anayamba kusewera gofu. Mpando unapita kwa mlamu wa a Kalachi, amene pasanathe miyezi iwiri anagula chipewa cholembedwa udindo wake n'kuyamba kulankhula ndi manja ali kumbuyo.

"Alamu, chipewacho chikukuthinani," anamuuza a Kalachi. "Kapena ndi mutu ukukula?"

Matenda a maovolosi sanasiye ndi alendo omwe. Ndege, amene tsopano anali atasiya kugunda zigubu, anasoketsa ovolosi yofiira kwa telala, anagula magolovesi, n'kulemba dzina lake pachitseko cha minibasi. Iye ndi anzake asanu analanda benchi yakutsogolo, ndipo ankakhala pamenepo magalasi akuda ali kumaso, akupima obwera kumene.

Loweruka lina kunabwera mayi wina wogulitsa mankhwala kufamase, ndi kagalimoto kobiriwira. Anafika yekha, wopanda womuchemerera. Poyambira pomwe galimoto inamuzimira. Analiza, inazimanso. Kachitatu inadumpha ngati chule n'kuzima. Benchi yakutsogolo inagwa nako kuseka.

"Mayi, kuno si kosewerera!" anakuwa Ndege. "Pitani mukayambe mwaphunzira pabwalo la sukulu, mubwere chaka chamawa!"

Mayiyo anavula chisoti n'kuyamba kukhotetsa galimoto kulozera kugeti. A Kalachi, amene masiku amenewo bondo linali litayamba kuwavuta, anatsimphina mpaka kutsogolo kwa kagalimotoko n'kukaimitsa ndi ndodo ya mbendera. Kenaka anatembenukira kubenchi.

"Anyani amasekana zikundu. Iwe Ndege, vula magolovesiwo."

"Chifukwa chiyani, madala?"

"Ukaime pazigubu. Chilichonse chimene mayiwa agwetse, udzutse ndiwe. Ukakana, minibasi yako ndiipeza ndi vuto mwezi uliwonse mpaka ndidzafe."

Ndege anayang'ana anzake, koma onse anali atapeza choyang'ana pansi. Anavula magolovesi n'kupita.

A Kalachi anatsekula chitseko, anakhala pambali pa mayiyo, n'kumanga lamba.

"Valani chisoti, mayi. Anthu awo muwaiwale, palibe amene anabadwa ndi chiwongolero. Phazi lamanzere likweze ngati mukuponda dzira. Ayi, dziralo mwaliswa. Yambaninso."

Anazungulira kanayi, ena onse akudikira padzuwa. Ulendo woyamba mayiyo anagwetsa zigubu zisanu ndi zinayi, ndipo Ndege anathamanga uku ndi uku, ovolosi yofiira itanyowa kumsana. Wachiwiri anagwetsa zisanu ndi chimodzi. Wachinayi anagwetsa ziwiri zokha, ndipo pachitunda ananyamuka osabwerera. Mabenchi akumbuyo anawomba m'manja, mayi wa buledi akutsogolera.

Madzulo ake a Kalachi anafika kunyumba akudandaula. Anati m'galimotomo munkanunkha mankhwala a chifuwa, mayiyo amagwira chiwongolero ngati akupeta, ndipo sadziwa kusiyanitsa giya yachiwiri ndi yachinayi. Anati m'zaka zawo zonse sanaonepo phazi louma chotero.

"Ndiye mwezi wamawa mumukaniza?" anafunsa akazi awo akuwathira madzi ofunda pabondo.

"Ndamuuza abwere seveni koloko, enawo asanafike," anatero a Kalachi. "Thirani pang'onopang'ono, mayi, akuwotcha."